Khofi wa pakhonde la kalabu

Ndikukumbukira tsiku limene ndinalawa khofi koyamba. Ndinali kamnyamata kongoyamba kumene kuweta mbuzi kwathu kwa Maseya. Baba ankadula nzimbe kukampani, ntchito yanyengo: nzimbe zikatha nawonso yawathera, abwerere kumudzi akadikire chaka chamawa.

Chaka chimenecho kunamveka kuti kukalabu ya mabwana a kampani kukufunika mlonda wapageti. Ntchito ya chaka chonse imeneyo, ya yunifomu ndi nsapato. Wosankha munthu anali a Chabwera, kapitawo wa antchito apakalabupo. Tsono kudula kukatha ankatsekula kalabuyo tsiku limodzi kuti ana a antchito akasewere, ndipo a Chabwera anauza Baba kuti, "Mudzabwere ndi mwana, tidzacheze."

Mudzi wonse unamva. Ndinauza anzanga akudambo kuti ine ndikukamwa khofi, chakumwa cha mabwana, inu tsalani ndi tiyi wanu wa masamba a mandimu. Pakamwa panga sipanayambe lero ayi.

Tili m'lole yopita kukalabuko, Baba anandigwira khutu. "Tamvera, Zuze. Chimene sanakupatse m'manja usakhudze. Chimene akupatsa usakane, ndipo m'kapu usasiyemo ngakhale dontho. Usadzuke akulu asanadzuke. Ntchito imeneyi ndiipeza kapena kuiphonya chifukwa cha iwe."

Lole inatitsitsa n'kubwerera, geti n'kutsekedwa kumbuyo kwathu. Abale, zimene ndinaona mkatimo! Udzu wobiriwira pamene kwathu nthaka inali itang'ambika ndi dzuwa. Akatungwe achitsulo, dziwe la madzi oyera mpaka kuona pansi, ndi thalakitala yokoka tingolo topenta ngati sitima, ana atadzazamo akukuwa. Miyendo yanga inali italoza kale kumeneko, koma Baba anandikokera kukhonde, kumene a Chabwera ndi akazi awo ankatidikira. Anandikhazika pampando wansungwi, mapazi osafika pansi.

Mai Chabwera anabweretsa tiipoti yaikulu n'kutithirira. Fungo lake linali labwino, sindinama. Ndinakweza kapu monyada, n'kumwa. Mayo ine! Ngati madzi owiritsa masamba a nimu. Lilime linakwinyika, misozi n'kulengeza m'maso. Pakati patebulo panali kabakuli kovundikira, ndipo ndinkadziwa bwino kuti muli shuga, koma palibe amene anandipatsa m'manja. Ndinayang'ana Baba. Munthu amene mikono yake inali zipsera zokhazokha za masamba a nzimbe ankamwa khofi wopanda shuga, nkhope ili gwa.

Ndinati bola ndithane naye msanga. Ndinatseka maso n'kugugudiza yense, kapu n'kuiika pansi ili mbee.

"Ee, mwanayu amaukonda!" anatero Mai Chabwera, n'kudzazanso mpaka m'milomo.

Apo ndiye panagona tsoka langa. Ndikasiya m'kapu ndanyoza. Ndikamaliza andithirira wina. Kukana sindingakane, kudzuka sindingadzuke. Ndinamwa, anathira. Ndinamwa, anathira. Tiipoti itatha ndinati Mulungu wandimvera, koma mai aja analowa kukhitchini n'kubwera nayo yodzadza.

Kutentha kwa kuno kuchigwa mukukudziwa. Malaya anandimatirira kumsana, mtima ukugunda ngati ng'oma. A Chabwera anali pakati pofotokoza za makiyi, za agalu, za anyamata olumpha mpanda kudzaba mango, ndipo nkhani yawo inalibe mchira. Sitima ya thalakitala ija inkadutsa pafupi ndi khonde, ana akundikodola, ine ndili njo pampando ngati mbuzi yapachingwe.

Kenako chikhodzodzo chinayamba kulankhula. Ndinapanikiza maondo. Ndinapinda zala zakuphazi. Ndiye ngati dala, wantchito wina anatsekula paipi n'kuyamba kuthirira udzu pafupi pomwepo, madzi ali waa. Ndinaona kuti kwatsala zinthu ziwiri: kunyowetsa mpando wa a Chabwera, kapena kuswa lamulo la Baba. Zonse ziwiri zikanatha kuwadyera ntchito.

Mlomo wa tiipoti utaweramiranso pakapu yanga, mawu anatuluka okha.

"Mai, basi! Ndiphulika!"

Sindinanong'one ayi. Mbalame zinabalalika mumtengo wa m'bawa, woyendetsa thalakitala n'kuimika kuti aone amene walumidwa ndi njoka.

Mai Chabwera anaika tiipoti pansi n'kudzitikita mkono. "Zikomo mwanawe, nane ndinatopa. Ndimati ndikaleka kuthira mukanena kumudzi kuti mkazi wa Chabwera ndi womana." Anavundukula kabakuli kaja n'kupeza shuga ali tho, wosakhudzidwa. "Kalanga ine! Bambo a Zuze, nthawi yonseyi mukumwa wowawa?"

Yankho la Baba sindinalimve. Ndinali nditalumpha kale, liwiro la kuseri kwa mpanda wamaluwa. Ndili mkati modzithandiza ndinamva mapazi kumbuyo, ndipo ndinakonzeka kulandira khofu. Koma Baba anangoima pambali panga n'kuyamba kumasula lamba. Tinaima pamenepo nthawi yaitali, awiriwiri, tikuyang'ana maluwa.

"Ukanachedwa pang'ono, mwanangu," anatero potsiriza, "ndikanaphulika ndine."

Ntchito ija anapatsa munthu wina. Kaya chifukwa cha kukuwa kwanga, kaya anali atasankha kale, sindinadziwe, ndipo Baba sananditchulirepo mpaka kumwalira kwawo. Anabwerera kunzimbe mpaka msana unapindika. Koma madzulo a tsiku lomwelo lole itaima pamsika, anandilowetsa m'tiyirumu ya mai wina wachisena. Tiyi wamkaka, m'kapu yachitsulo yotentha milomo, shuga wothira wekha, ndi sikono pambali. Tiyi woposa ameneyo sindinamumwenso, ndipo ndayenda ine, musandione chonchi.

Chaka chatha adzukulu ananditengera kumalo ena achisangalalo kumtunda, a maiwe osambira ndi zikuku zozungulira. Mtsikana wina anandibweretsera khofi wathovu atajambulapo tsamba. Ndinalawa kamodzi n'kunena kuti, "Chotsa mwanangu, undipatse tiyi wamkaka, shuga ubweretse ndithire ndekha." Adzukulu anabisa nkhope, amvekere, "Agogo, tsitsani mawu, anthu akutiyang'ana."

Ayang'ane! Ine pakhonde la kalabu lija ndinaona anthu atatu akuzunzika patebulo limodzi, wothira ndi omwa omwe, aliyense akuti akulemekeza mnzake, chikhalirecho palibe amene ankafuna kapu ina. Ulemu ndimaudziwa, ndipo ana anga ndinawaphunzitsa. Koma ndinawaphunzitsanso kuti zikakwana azinena kuti zakwana, mokweza, mwini tiipoti amve, chifukwa mwina nayenso akungodikira womumasula.