Tsiku Limene Ndinapatukira Apongozi pa Mthuthuthu

M'dziko lonse la Nyasalande, kuyambira kumene sitima ya pamtunda inkachokera mpaka kumene inkakatopera, simunabadwe munthu wodziwa mtima wa mthuthuthu kuposa ine. Mawu amenewa ndimawanena nditaimirira. Chongowonjezera n'chakuti mithuthuthu imene ndakwerapo pamoyo wanga ndi itatu, yonse ya eni ake, ndipo ukatswiri wangawo unatha milungu isanu.

Panali patapita zaka zingapo nkhondo itatha, ine nditangobwerako kukoleji ya aphunzitsi. Sindinamalize. Tinasiyana maganizo ndi akuluakulu a kumeneko pa nkhani ya masamu: iwo ankafuna ndizikhoza, ine ndinkaona kuti kumeneko n'kukakamizana. Ndinabwerera kwathu kwa Nsamala ndi jekete limodzi ndi Chingerezi chokwanira kukalipira mbuzi. Kenaka ndinakwatira kutsidya kwa Shire, m'munsi mwa phiri la Chikala, kufupi ndi Ntaja, n'kukhala mkamwini.

Pamudzipo mwini mbumba anali mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, telala wa pakhonde la sitolo ina pa Ntaja. Munthu ameneyu anadana nane tsiku loyamba, ndipo ine sindinafune kumusiya yekha pa ntchito imeneyo. Ankanditcha aphunzitsi, akulikoka dzinalo pang'onopang'ono ngati ulusi.

"Aphunzitsi," anatero tsiku lina akundiyang'ana ndikulima, "khasu si choko. Mvula yoyamba ikadzagwa mulibe ntchito, jekete lanulo tidzakunyamulirani mpaka pa pantoni yowolotsa anthu pa Liwonde. Kuwoloka mudzawoloka nokha."

Mkazi wanga anali woyembekezera. Mkamwini akachotsedwa amapita ndi mphasa yake basi, mwana amatsala, ndi wa mbumba. Choncho ndinapita ku Balaka kukafuna ntchito.

Kuseri kwa siteshoni kunali chisakasa cha bambo wina Myao, Msilamu, amene anaphunzira makina kunkhondo. Aliyense ankangoti a Fundi. Mmwenye wina wa masitolo ku Balaka, ku Liwonde ndi pa Ntaja ankafuna munthu woyendetsa makalata ake pa mthuthuthu, ndipo anasiyira a Fundi kuti asankhe. Ananditenga kuti andiyese chifukwa ndinkatha kuwerenga pa envelopu. Chifukwa china panalibe, ndipo iwo ankaonetsetsa kuti ndikudziwa zimenezo.

Woyamba kukwera unali kamthuthuthu ka mlangizi wina wa zaulimi, kopepuka, kamene petulo wake ankasakaniza ndi oyilo. A Fundi ankakatcha Udzudzu. Pokhota kanali ngati kamamva maganizo: ukangoyang'ana kumene ukufuna, kapita kale. Ukagwira buleki kankaima pomwepo ngati mwana wolakwa. Koma pachitunda kanali kachabechabe. Pokwera mapiri a Machinga, pamsewu wopita ku Zomba, kankayamba ndi ukali, pakatikati kayamba kudandaula, kenaka umatsitsa miyendo n'kumakathandiza, utsi uli tolotolo kumbuyo, amayi osenza nkhuni akukupitirira ndi moni.

Wachiwiri unali wa bambo mfumu a pamishoni ina, wakuda, wokhala ndi masipuling'i kumbuyo. Uwu unali ndi khalidwe. Ukapendekeka pakona unkapendekeka nawe, ukadzuka udzuka. Sunkathamangira kutsogolo, sunkatsalira. Ndinaukwera kawiri kokha, mwini wake n'kubwera kudzautenga, ndipo mpaka lero akamalalikira za kumwamba ine ndimaganiza za chishalo chimenecho.

Wachitatu unali wa a Fundi eni ake, wotsala kunkhondo, wobiriwira, wolemera ngati ng'ombe yakufa. Dzina lake Njati. Pouliza umaimirira pachopondera n'kudzigwetsa ndi thupi lonse, ndipo ukalakwitsa inkabwezera, bondo n'kukafika pachibwano. Kumbuyo inalibe sipuling'i ngakhale imodzi, moti mwala uliwonse wa pakati pa Balaka ndi Liwonde ndinaudziwa ndi msana. Chitunda sinkachiwerengera. Inkangoguguda mwakachetechete, du du du, phiri n'kumatsika lokha. Vuto linali pakona. Njati umayenera kuiuza za kona udakali kutali, kuichonderera, kuikankha ndi bondo, ndipo inkavomera ngati ikukuchitira chifundo. Buleki yake inali ngati malangizo a ankhoswe: imamveka bwino, koma palibe chimene imaletsa.

Ndinkadana nayo Njati. Nayonso sinkabisa.

Tsiku la mayeso linafika m'chilimwe, msewu uli ndi nthiti ngati galu wa njala. Ndinayenera kusiya kalata pa Ntaja, kukwera njira ya kuphiri la Chikala kukasiya ina pakasitolo ka kumtundako, n'kubwerera ku Balaka dzuwa lisanalowe, mthuthuthu wosakandika paliponse.

"Tengani Udzudzu, mwalimu," anatero a Fundi, ponditcha mphunzitsi m'Chiyao. "Njira ya kuphiri ija ndi ya mbuzi."

"Ndikufuna Njati."

"Mukufuna Njati, kapena mukufuna akuchikazi akumveni?"

"Ndayerekeza kulemera kwa katundu ndi kutalika kwa ulendo, a Fundi."

"Katundu wake maenvelopu awiri. Masamu omwewa ndi amene anakuchotsani kukoleji." Analavula pansi n'kundipatsa magalasi a fumbi. "Mukaibweretsa ndi bala, musadzafike pano. Mukafa, Njati yokhayo ibwere."

Pa pantoni anthu anandipatsa malo. Wina anandivulira chipewa, kenaka ataona kuti sindine mzungu anachibwezera msanga, akuoneka ngati ndamubera. Pa Ntaja ndinasiya kalata, ndipo ndinadutsa pakhonde la mlamu wanga katatu, pofuna kutsimikiza njira imene ndinkaidziwa kale. Kachitatu ndinaima, injini ikuguguda. Iye sanadzutse mutu pamakina ake.

"Aphunzitsi, chigayochi mwabwereka kwa yani?"

"Ndili pantchito, alamu."

"Ntchito yake yotithira fumbi pansalu za eni? Pitani, makasitomala akuthawa."

Kukwera phiri kunali kokoma, ndisaname. Njira inkapindika ngati chingwe chotayidwa, koma pokwera Njati inkamvera, chifukwa ukangochepetsa moto phiri lenilenilo linkaigwira. Anyani anathawa. Kumanzere ndinkaona chigwa chonse cha Shire chili mbuu ndi utsi wa lupsa, ndipo ndinayamba kukonza mawu amene ndidzauze mlamu wanga tsiku la malipiro oyamba. Anali mawu abwino. Ena anali a Chingerezi.

Potsika zinthu zinasintha. Kulemera konse kumene kunkakankha phiri tsopano kunkakankha ine. Ndinaika giya yotsika, Njati ikubangula, tayala lakumbuyo likuseseleka pamiyala. Kona yoyamba ndinaichonderera, inavomera. Yachiwiri inavomera monyinyirika. Yachitatu inali yobisika, thanthwe kumanzere, kumanja phedi lotsetsereka kukafika m'minda.

Nditangotulukira, patsogolo panga panali mayi akutsika phiri, atasenza mtolo wa nsungwi zazitali zolukira malichero. Chirundu ndinachidziwa. Kayendedwe ndinakadziwa. Anali apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga.

Ana a masiku ano amadyera mbale imodzi ndi apongozi awo, choncho ndifotokoze. Kumeneko nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankakumana panjira. Amene wayamba kuona mnzake ankapatuka, kulowa patchire, kaya pali chitedze kaya pali minga, n'kufulatira mpaka winayo atadutsa. Kukhudzana ndiye kunalibe n'komwe. Ine ndinali nditatha chaka pamudzipo, nkhope yawo ndinkaidziwa chapatali ngati phiri la Zomba.

Anamva phokoso, anacheuka pang'ono, anazindikira jekete. Ndipo anachita chimene mayi aliyense wolemekezeka akanachita: anatembenuka kuyang'ana kuthanthwe, kundifulatira. Nsungwi zija, zimene zinali zitaloza kutsogolo ndi kumbuyo, zinatembenuka nawo, n'kupingasa njira yonse kuchokera kuthanthwe mpaka kuphedi.

Ndikanakhala pa Udzudzu ndikanaima, kutsika, kufulatira, tonse n'kupita ndi ulemu wathu. Ndikanakhala pa wa bambo mfumu ndikanaima ndithu. Pa Njati ndinaponda buleki, inandiyankha ndi kamluzu.

Anthu amati ndinapatuka chifukwa cha mwambo, ndipo ine ndakhala ndikuvomera. Zoona zake n'zakuti Njati inali isanauzidwe kuti pali kona, ndipo inali ikulowera kuphedi kale. Ine ndinangosiya kukangana nayo.

Tinatsika limodzi. Tinadutsa paudzu, tinadutsa pachitsamba china chimene sindinachifunse dzina, tinalowa m'munda wa nandolo, makoko akusweka ngati zipolopolo. Pamzere wachisanu Njati inatopa, inagona, mwendo wanga wakumanja uli pansi pake, mpope wa utsi utatsamira pakatumba.

Kenaka ndinamva nsungwi zikutulidwa pamwamba. Apongozi anakhala m'mphepete mwa njira, atandifulatira. Nanenso ndinatembenuzira nkhope kumbali, poti khosi lokha ndi limene linkatheka.

"Mwaswera bwanji kumusiko?" anafunsa, akulankhula ndi thanthwe.

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu."

"Ife taswera. Ulendo uli bwino?"

"Uli bwino ndithu. Ndangoti ndipumuleko."

"Chikununkhacho n'chiyani?"

"Ndi mwendo wanga, amayi."

Anali mayi wamphamvu, woti akanatha kutukula Njati ndi dzanja limodzi, koma kuti atero anayenera kundiyandikira, mwinanso kundigwira.

"Ndikaitane munthu," anatero.

"Musavutike."

"Iyayi, ndi njira yomweyo."

Anasenza nsungwi zawo n'kutsika. Mpope unazizira wokha, utamaliza ntchito yake. Ndinagona pamenepo ndikuyang'ana dzuwa likupendeka, ndikudziwa kuti ku Balaka a Fundi akuliyang'ananso.

Munthu amene anaitanidwa anali mlamu wanga. Pamudzi ponse, pa Ntaja ponse, anapeza yekhayo. Anabwera pa njinga yakapalasa ndi amuna awiri, tepi yoyezera idakali m'khosi. Anatsika phedi mosafulumira, ndipo asanandiyang'ane ine anayamba wayendera nandolo, phesi lililonse lothyoka akulidzutsa n'kulisiya ligwenso.

"Aphunzitsi," anatero potsiriza, "ndaona mwayamba kulima. Koma munda uno ndi wanga."

"Alamu, mwendo."

"Mwendo ndi wanu, sindikukana. Amuna inu, tukulani chigayocho mosamala, chili ndi mwini wake."

A Fundi anabwera m'mawa mwake pa lole ya thonje. Anaizungulira Njati, anaipukuta thanki ndi mkono wa malaya, anailankhula m'Chiyao motsitsa mawu ngati akupepesa mwana. Anaiponda kamodzi, inalira. Ntchito anapatsa munthu wina wa ku Nselema amene sankatha kuwerenga, koma ankakwera Udzudzu.

Mlamu wanga sanadikire mvula. Patangotha sabata anaitanitsa ankhoswe a mbali zonse, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ine mwendo utakulungidwa nsanza. Analankhula nthawi yaitali. Anati sukulu inandikana, khasu linandikana, tsopano ndi chitsulo chomwe chandilavula, nanga mbumba yake yalakwa chiyani kuti izisunga munthu wotere. Nkhoswe yanga, amalume anga ochokera kwa Nsamala, ankangoyang'ana zala za kumapazi. Mkazi wanga anali pakhonde, akusenda chinangwa chimodzi chomwecho chiyambire mlandu.

Apongozi anali kuseri kwa nkhokwe, kumene sitikanaonana. Mawu awo anatulukira kumeneko.

"Pamudzi pano ndaona akamwini atatu. Wina anandidutsa pa njinga akundiimbira belu ngati ndine nkhuku. Awa anandiona, anasiya njira yonse, anadziponya kuphedi ndi chitsulo cha eni ake. Ali pansi akupsa, moni anayankha. Nzeru alibe, zimenezo tonse tikudziwa. Koma akhala."

"Amayi, ulemu tidya?" anatero mlamu wanga.

"Iwe kwa apongozi ako unadya chiyani muja anakubweza ndi makina ako pamutu?"

Amalume anga anatsokomola. Nkhoswe ya kuchikazi inayang'ana m'mwamba kufunafuna mango m'mwezi umene mulibe mango. Mlandu unathera pomwepo. Mwana anabadwa ine ndilipo, ndipo khasu ndinaliphunzira, poti panalibenso china chondiphunzitsa. Pa mthuthuthu sindinakwerenso.

Mlamu wanga anandipeza madzulo omwewo ndikutsimphina kuseri kwa nyumba. Anati za ukwati amayi aweruza, iye alibe mawu, koma za munda sanaweruze. Tinakangana kwa masiku atatu, iye akuti mapesi ena anali ndi tsogolo lalikulu, ine ndikuti ambiri anali ofumbwa kale.

Ndinalipira sheleni imodzi ndi tiki, kandalama ka makobiri atatu.