Kachasu m'chikwama cha mabuku

Ndikukumbukira mwezi wa Okutobala wa chaka chimene ndinali Fomu 3, kwathu kwa Tengani. Dzuwa linkaswa mtengo moti malata a kalasi ankalira okha, ndipo atsikanafe tinkanyowetsa zitenje pa mjigo n'kufunda kumutu pobwerera kunyumba. Sukulu yathu inali yoyendera, yopanda labotale. Zipangizo zonse za sayansi zinkakwana m'bokosi limodzi la matabwa, limene aphunzitsi athu, a Alufazema, ankalisunga mu ofesi.

A Alufazema anali aafupi, a mawu otsika, ndipo ankakonda kuyamba phunziro ndi chinthu chodyedwa. Tsiku lina anabwera ndi bwemba n'kutigawira. Tonse titakwinya nkhope, analemba pabolodi zilembo zinayi, COOH. Anati kagulu ka maatomu kameneka, kotchedwa kabokisili, ndi kamene kamawawasitsa bwemba, mandimu ndi viniga. Anatinso kakakumana ndi mowa kamalumikizana nawo n'kutaya madzi pang'ono, ndipo pamatuluka chinthu chatsopano chonunkhira chotchedwa esita.

"Asidi wa viniga wamphamvu m'bokosimo alimo," anatero, "koma botolo la mowa linauma kalekale. Ndiye mungondikhulupirira."

Ine kungokhulupirira kunandikanika. Azakhali anga a Rozina ankatcheza kachasu wa masau kuseri kwa nyumba yawo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo ndinapita kukawapempha. Ndinadzera kumunda kwa mapira kuti ndisaoneke, chifukwa bambo anga anali mkulu wa mpingo ndipo anali atatha zaka osaponda pakhomo pa mlongo wawoyo chifukwa cha mowa womwewo. Azakhali anaseka mpaka kupukuta misozi atamva zoti kusukulu kukufunika kachasu. Anandithirira woyamba kudontha, wamphamvu uja amati mutu, m'kabotolo kakale ka mankhwala a chifuwa, n'kutseka ndi kanyuzi.

Kanyuzi kaja ndi kamene kanandipereka. Mmawa, poyenda ulendo wa kusukulu, kachasu anadonthera m'makope, ndipo ndi kutentha kuja chikwama chonse chinkanunkha. Tili pamzere, aphunzitsi aakulu, mayi wamtali amene tonse tinkamuopa, anadutsa pafupi nane, anaima, n'kubwerera. Anatsegula chikwama pamaso pa sukulu yonse. Lamulo linali lodziwika: wopezeka ndi mowa amachotsedwa sukulu. Aphunzitsi aakuluwo anangoti ndikatenge kholo.

Bambo ndinawapeza akuzula zitsa za thonje. Sanandikalipire. Anasamba m'manja, anavala malaya awo a Lamlungu, n'kundikweza panjinga. Njira yonse ndinkangomva kulira kwa tcheni, ndikuyang'ana thukuta likufalikira pamsana pa malaya aja. Ndinkadziwa kuti ndikachotsedwa, sukulu yanga yathera pomwepo, chifukwa ina inali kutali.

Mu ofesi, kabotolo kaja kanali patebulo. Bambo akakwiya ankabwerera ku Chisena cha kwawo ku Mozambiki. "Ninji pyenepi?" anandifunsa, akuloza ndi chala, kufuna kudziwa kuti chimenecho chinali chiyani. Ndisanayankhe, a Alufazema analowa, choko chili mbuu m'manja.

"Pepani bambo, pepani mayi," anatero. "Mwanayu sanamwe. Ndine ndinadandaula m'kalasi kuti mowa woyesera unatha. Tandilolani ndikuonetseni chimene amafuna kuona."

Aphunzitsi aakulu anawapatsa kabotolo kaja. "Yesani. Koma pakapanda kutuluka kanthu, ameneyu akupita kwawo."

M'kabotolo munatsala kachasu wosakwana masupuni awiri. A Alufazema anamuthira m'kachubu ka galasi, anawonjezera asidi wa viniga uja ndi madontho angapo a asidi wina woopsa, n'kuimika kachubuko m'kapu ya madzi otentha ochokera m'ketulo ya tiyi wa aphunzitsi. Kenako tinangodikira. Panja ana a kupulayimale yapafupi ankaimba matebulo a samu. Ntchentche inkazungulira pakamwa pa kapu. Ine ndinkapemphera chamumtima, ndikudzifunsanso ngati Mulungu amamva pemphero lopempherera kachasu.

Patapita nthawi, anakhuthulira zonse m'kambale ka madzi a soda. Zinachita thovu, fungo la viniga linazilala, ndipo munatuluka fungo lina lotsekemera, lolasa m'mphuno, limene silinali la mowa kapena la viniga. Aphunzitsi aakulu ananunkhiza n'kunena motsitsa kuti likufanana ndi mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Bambo anawerama mokayika, ananunkhiza kamodzi, kenako kachiwiri.

"Ah, uyu ndi guluu womatira chubu cha njinga uyu!" anatero. "Wachokera kuti? Ine ndimaona, simunathiremo guluu."

A Alufazema anawajambulira papepala zilembo zinayi zija n'kuwafotokozera monga ankachitira ndi ife. Bambo, amene sukulu anailekeza Sitandade 4, anamvetsera mpaka kumapeto, anapinda pepalalo n'kuika m'thumba. Potuluka anangoti, "Takhuta," kuthokoza kwa Chisena.

Sindinachotsedwe, koma chilango sichinandiphonye. Ndinathirira mitengo ya pasukulu masabata awiri, ndikutunga madzi ndi ndowa dzuwa lili pamutu. Tsiku la mlandu lomwelo bambo anapita kwa azakhali kuti akawadzudzule. Anakhalako mpaka dzuwa kupendeka, ndipo anabwerako atanyamula lichero la masau ouma. Kuyambira pamenepo ankapitako, ngakhale kuti kuseri kwa nyumba sankayang'anako.

Lero ndimagwira ntchito m'labotale ya pa yunivesite. Timapanga tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene kunja kwake timatikuta ndi magulu a kabokisili. Pa magulu amenewa ndi pamene timalumikizirapo mankhwala a khansa, poyesa kuti azikafika pachotupa penipeni osafooketsa thupi lonse. Ntchitoyi ndi yapang'onopang'ono, ndipo masiku ambiri sipatuluka kanthu. A Alufazema anamwalira ndisanamalize digiri yoyamba, moti sindinawauze kumene phunziro lawo linandifikitsa.

Kwathu zinthu zinasintha. Sukulu ija ili ndi labotale ndi magetsi a sola, ndipo ana amaonera zoyesayesa pafoni, ngakhale foni situlutsa fungo. Azakhali anasiya kutcheza, miyendo inawakana. Bambo anakalamba, njinga anapatsa adzukulu. Chaka chatha ndinakhala nawo pamkeka pansi pa mtengo, ndikuwafotokozera za ntchito yanga. Anamvetsera mofatsa, kenako anafunsa ngati mowa uja timaugwiritsabe ntchito. Ndinati inde, tsiku lililonse, koma umabwera m'mabotolo akuluakulu olembedwa bwino.

Anagwedeza mutu, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Gwirani ntchito, mayi. Koma abusa akafunsa, muzingoti ndi mankhwala."