Tsiku Limene aNangozo Anadzaza Msewu

"Mwatigulitsa inu aNangozo! Mwatigulitsa ngati nkhuku za pa Lizulu, zomanga miyendo! Si inu munkayenda khomo ndi khomo kuti tibwere tonse? Tinabweratu. Nanga izi n'chiyani?"

Ankakuwa choncho anali Thokozile wogulitsa kabichi, chitenje atachimanga m'chiuno, chala chili pamphuno pa mnzake. Kumbuyo kwake anyamata otumidwa ndi akuluakulu ankazula mabenchi a msika wa Pamtsetse n'kumawaponya mu lole, mbatatesi zikugubuduzika pa tala. Ndipo wolozedwa chalayo, mayi Lufina Maliro, amene aliyense amawatchula ndi mfunda kuti aNangozo, mayi woti sanagonjepo pa mkangano ngakhale ndi kondakitala woledzera, anangowerama n'kuyamba kutola mbatatesi zawo.

Musafulumire kuweruza. Muyambe mwawadziwa mayiwa.

ANangozo anabadwira kwa Champiti, kumene mwana amaphunzira khasu asanaphunzire kuvala. Kumtunda kuno anabwera ndi ukwati. Mwamuna wawo, Silvester Maliro, anali mmodzi wa aja anakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi njinga yakuda, jasi lolemera ngati thumba la fetereza, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Migodi itatseka khomo kwa anthu akwathu, Silvester anagwira munda wa mbatatesi. Ankamanga matumba panjinga paja n'kumakankha mpaka ku Lizulu, akubwebweta Chifanakalo chake cha kumigodi akamakalipira chitunda.

Pamtsetse ndi pamene msewu waukulu wochokera ku Lizulu umatsika phiri n'kukhota. Matipate atangoyamba kumene, thiraki ina inatsika pamenepo ngati yathamangitsidwa ndi mizimu, n'kumupeza Silvester ali kumbali kwake, akukankha njinga yake. Anthu anatola jasi kwina, mwini wake kwina. Pa maliro anyamata anaika masamba pamsewu monga mwa mwambo, ndipo magalimoto onse ankadutsa mwaulemu, pang'onopang'ono. ANangozo amati tsiku limenelo ndi limene anadziwa kuti mathiraki ali ndi mabuleki.

Atachoka pa masiye, anatenga beseni la mbatatesi n'kukakhala pafupi ndi pomwe anafera mwamuna wawo. Ena ankati apenga. Iwo ankati msewu unawalanda wowadyetsa, ndiye msewu womwewo uwadyetse. Posakhalitsa kunabwera Thokozile ndi kabichi, kenako wa anyezi, kenako wa matimati. Msika wa Pamtsetse unabadwira m'beseni la aNangozo, ndipo amene angatsutse abwere atsutse. Kagulitsidwe kake n'kodziwika: minibasi ikangoti iime, beseni pamutu, liwiro, mpaka pa windo. Wochedwa amadya fumbi. Sunali msika waukulu ayi. Tsiku wamba amayi ake unkatha kuwadziwa onse mayina, ndi a ana awo omwe.

Ndi beseni lomwelo analera Chrispine, mwana wa mchimwene wawo amene anamwalira. Anamutenga ali ndi mamina, chimimba chili patsogolo, n'kumugoneka pamodzi ndi ana awo. Mnyamatayo mutu unali bwino. Anakhoza sukulu, n'kupita ku Lilongwe, ndipo aNangozo ankamutchula pa windo la minibasi iliyonse ngati kuti okwerawo anawafunsa.

Koma chinthu chimodzi chinkawasowetsa mtendere: kusowa kwa mahampu pamsewu paja. Atafa Silvester kunafanso ena pamalo omwewo, agogo ena ochokera kuchigayo, mwana wa sukulu, wakabaza ndi kasitomala wake. Kampeni iliyonse aNangozo ankaima patsogolo pa ofuna mavoti n'kunena kuti zitenje tili nazo, ife tikufuna mahampu. Ofuna mavotiwo ankawomba m'manja, n'kuwapatsa chitenje china.

M'zaka zimenezo anthu kuno anaphunzira nzeru imodzi, ndipo sanaiphunzire kusukulu: chitukuko chimapita kumene alendo aona khamu. Mudzi woyandikana nawo unapeza mjigo chifukwa tsiku lobwera alendo unabwereka anthu a midzi ina, mpaka ena a kutsidya kwa malire, onse zidebe m'manja. Mudzi umene unalandira alendo ndi nkhalamba zochepa pansi pa mtengo ukumwabe pachithaphwi. Aliyense amazidziwa zimenezi, Chrispine yemwe, pakuti ali mwana anakavinako pa mjigo uja ataphunzitsidwa kunena kuti kwawo n'komweko.

Ndiye tsiku lina foni inalira. Anali Chrispine.

"Azakhali, Mulungu wamva. Ndapeza ganyu ku bungwe lina lomwe likuchita kafukufuku wa ngozi za pamsewu, kuti adziwe chimene chikupha anthu. Ndawachonderera kuti aime Pamtsetse. Tikubwera Lachinayi. Akaona okha, mahampu abwera."

"Mwana wanga! Ndiye tikonzeke bwanji?"

"Palibe chokonzeka, azakhali. Mungokhala mmene mumakhalira."

Mmene mumakhalira! Ndani kuno analandirapo mlendo mmene amakhalira? Mlendo akamabwera timasesa bwalo, nkhuku imafa, ana amasamba. ANangozo anangoti mwanayu tawuni yamuiwalitsa, n'kumanga chitenje. Analengeza kutchalitchi. Anayenda khomo ndi khomo. Anatuma uthenga kumidzi yakuseri kwa phiri kuti aliyense amene anatayapo m'bale pamsewu uja abwere, ndipo amene sanataye abwerenso, poti mawa zili pa iye. Wopanda malonda anamubwereka beseni n'kumuikiramo timatimati pamwamba, pansi pali masamba. Panabwera amayi oti sanagulitsepo ngakhale singano. Panabwera mkulu wa mpingo, atanyamula mitu iwiri ya kabichi ngati ana amapasa.

Lachinayi lija Pamtsetse panali poti ukaponya mwala sugwa pansi. Alendo anatsika m'galimoto yoyera atavala timajekete towala, wina ndi kamera, wina ndi kachipangizo kangati mfuti koyezera liwiro la magalimoto. Mtsogoleri wawo anali mayi wamagalasi, waulemu wake ndithu, wolankhula Chichewa chosakaniza. Amayi anawalandira ndi nyimbo ndi nthungululu. Kenako ntchito inayamba, ndipo aNangozo anali atawauza anzawo kuti alendo aone kuti ndife anthu olimbika. Galimoto iliyonse, ngakhale ambulasi, inkathamangiridwa ndi chigulu cha mabeseni, kuchokera uku ndi uku, ena kudutsa pamphuno pa thiraki.

Nanga thiraki ingathamange bwanji pakati pa anthu otero? Madalaivala ankaona khamu ali pamwamba pa phiri n'kuyamba kuponda mabuleki. Ankatsika ngati akuperekeza mkwatibwi. Wakamfuti uja analoza, n'kuloza, n'kugwedeza mutu. Liwiro panalibe.

Dzuwa litafika pamutu, mayi wamagalasi anaitana aNangozo, Chrispine ali pambali pake.

"Amayi, tiuzeni zoona. Pano pamakhala chonchi masiku onse?"

ANangozo anatukula chifuwa. "Aaa, madamu, lerotu achepa! Ena apita kumaliro."

Inde, ananama. Palibe akukana. Ananama bodza lomwe aliyense kuno akananama, bodza lopempha, la munthu amene waika maliro ambiri. Koma pambali pawo panaima munthu wodziwa mbali zonse ziwiri. Chrispine ankadziwa chimene kamfuti kaja kankafuna, ankadziwanso kuti khamu lija n'lobwereka. Mmawa womwewo anali ataseka mpaka kugwira pamimba ataona mkulu wa mpingo ndi kabichi wake. Akanangoti, "Madamu, azakhaliwa akusereula, mubwerenso Lolemba mwakachetechete." Mawu ochepa chabe. Kapena akanawakokera azakhali ake kuseri n'kuwanong'oneza kuti balalitsani anthuwa, mukudziotcha. Iye anayang'ana nsapato zake.

Alendo anadya tchipisi cha mbatatesi za m'munda mwa aNangozo, n'kunyamulanso thumba lathunthu. Ponyamuka Chrispine anatulutsa mutu pa windo n'kuti, "Zayenda bwino, azakhali!"

Mvula inagwa n'kutha. ANangozo akamva phokoso la lole ankadzuka kuti mwina ndi ya simenti ya mahampu. Thokozile anali atayamba kale kuwatchula kuti Mayi Mahampu, mwachikondi. Kenako lole inabweradi, koma yopanda simenti. Munali anyamata a zitsulo zozulira, ndi bambo wina wonenepa amene anafotokoza kuti kafukufuku wapeza kuti Pamtsetse magalimoto sathamanga, choyambitsa ngozi ndi ogulitsa malonda amene amadzaza msewu. Choncho msika usamukire kuseri kwa chigwembe, kumene anakonzako malo.

Ndi tsiku limenelo Thokozile anawaloza chala aNangozo.

Malo atsopanowo pitani mukawaone. Pamsewu sawonekera. Dalaivala wake uti angasiye tala n'kutsika kuchigwembe chifukwa cha anyezi? Matimati amawolera m'mabeseni. Amayi ena anabwerera kumaganyu a m'minda, ena amayenda mtunda wonse kupita ku Lizulu kukapempha kampata kwa eni malo. Ndipo pamsewu, poti tsopano pali mbee, mathiraki amatsika akuimba mluzu. Wowoloka amayamba wapemphera.

Ngati zimenezo sizinakwane, anadzaimika chikwangwani chachikulu pokhota paja, chochenjeza anthu kuti asamagulitsire pamsewu. Chithunzi chake ndani? ANangozo, beseni pamutu, mwendo uli m'malere, akuseka, thiraki ili kumbuyo kwawo. Mayi amene mwamuna wake anafera pamalo omwewo, ndiye amuike pamenepo ngati chitsanzo cha wopha anthu! Makondakitala akamadutsa amakuwa kuti, "Moni kwa a pa chikwangwani!"

Koma chimene chinawathyola msana si chikwangwani. Kumsika watsopano anzawo anawapatsa malo akumapeto, pafupi ndi dzala. Akafika, macheza amatha. Kumudzi kutachitika maliro, amayi pogawana ntchito za kukhitchini anawadumpha, osawapatsa ngakhale chipande. Anakhala pamphasa ngati mlendo, iwo amene kale ankalamula kuti mphika uwu uphulidwe, uwo uikidwe. Kunja kuno ukhoza kukhala wopanda ndiwo, koma wopanda anzako sukhala. Mphekesera inayenda yoti analandira kenakake kwa alendo aja, n'chifukwa chake ali pa chithunzi. Iwo akamuimbira foni Chrispine, inkangoitana.

Mnyamatayo anaonekera mwezi wa chiliza cha bambo ake, poti pamenepo sakanathawa. Anafika atavala suti, atanyamula shuga ndi buledi. Mwambo wa kumanda utatha, abale atakhala pabwalo, anapita kukagwada pamaso pa azakhali ake ndi kajumbo kake. Iwo sanakalandire.

"Chrispine, tsiku lija unawaona anthu aja?"

"Ndinawaona, azakhali."

"Unkadziwa kuti si onse a pamsika?"

"Ndinkadziwa. Komatu ine ndinakuuzani kuti mungokhala mmene mumakhalira."

"Unandiuza pa foni. Utafika n'kuona kuti sindinamve, pakamwa pako panali chiyani? Tchipisi?"

Abale ena anaseka, n'kudzigwira msanga. Chrispine anatsitsa mawu. "Azakhali, mundimvetse. Ndine ndinawakakamiza kuti aime pano. Ndikanati anthuwa ndi obwereka, akanati kwanu n'kwa anthu abodza, tsiku lathu lapita pachabe. Ganyu ikanathera pomwepo. Panopa anandilemba ntchito yokhazikika. Ndimati ndikakhazikika ndidzakonza."

"Wakhazikika?"

"Eee."

"Wakonza?"

Mnyamata uja anagwetsa nkhope pansi. ANangozo anaimirira. Thokozile anali pomwepo, kumbali ya amayi, atabwera chifukwa cha malemu osati chifukwa cha iwo, ndipo anali atasiya kutafuna.

"Tamvera, mwana wa achimwene anga. Bodza langa ndalisenza ndekha, landikwana. Lako usenze wekha. Shuga wakoyu bwerera naye. Ine ndikufuna Loweruka ukaime kuchigwembe kuja, pamaso pa amayi onsewa, unene ndi pakamwa pako kuti Nangozo sanadye kanthu, kuti iwe unaona n'kukhala chete. Ukatero ukawatenge madamu ako aja ndi kamfuti kawo, abwere tsiku lopanda nyimbo, aime pokhota paja mpaka thiraki iwaulutsire magalasi. Akayeze bwino, kenako atiuze kuti amene anapha Silvester ndi beseni langa."

"Azakhali, zimenezo sizili m'manja mwanga, pali ndondomeko..."

"Ndondomeko ilibe nkhope. Ine ndikuona yako. Usandiyang'anire pansi, dzutsa mutu! Bambo ako tangowaikira mwala uko, akumva. Yankha pompano, anthu onsewa ali mboni: Loweruka ukubwera kapena sukubwera?"