Wovutitsa Anzake Amapita Kuti Akaweruka?

Tsiku limene mchemwali wake anamukana pamsewu, Chimphona anali ndi matope m'makutu.

Ankachokera kojambula filimu. Makolo awo atamwalira, iye anasiya sukulu kuti alere mwanayo, ndipo ntchito yokha imene thupi lake lalikululo linamupezera inali ya m'mafilimu a achinyamata.

Mukuwadziwa mafilimu amenewa. Mumakhala mtsikana wamagalasi amene palibe amadziwa kuti ndi wokongola mpaka atawavula. Mumakhala mnyamata wampira, mnzake wanthabwala, ndi mphunzitsi wosinza m'kalasi. Ndiye mumakhala wovutitsa anzake, wolanda ana chakudya, amene kumapeto amakankhidwira m'matope owonera onse n'kuwomba m'manja. Ameneyo anali Chimphona, filimu iliyonse.

Tsikulo anathamangira kugeti la sukulu kukamutenga mwanayo monga mwa masiku onse. Ana atamuona anayamba kukuwa: "Wolanda buledi uja! Lero mugwera pati?"

Mchemwali wake anamudutsa ngati mtengo. Analankhula atafika kunyumba.

"Achimwene, musamabwerenso kusukulu. Anzanga amabisa chakudya ndikakhala nawo pafupi. Akuti ndi zakumtundu."

Chimphona anatenga yunifolomu ya mwanayo n'kukaichapa.

Ntchitoyo sakanaisiya. M'mawa mwake anapita kwa wotsogolera filimu.

"Bwana, mnyamata ndimasewerayu amapita kuti akaweruka?"

"Sapita kulikonse. Amagwera m'matope, filimu n'kutha."

"Alibe kwawo?"

"Iwe, ndani amafunsa kwawo kwa fisi? Pita ukavale."

Mawu sakanawasintha, poti anali olembedwa kale. Koma manja anali ake. Atalanda buledi monga mwa lamulo, sanamudye. Anamukulunga bwinobwino m'pepala n'kumuika m'thumba la malaya. Kamera inali pa mtsikana wamagalasi, ndiye palibe anadandaula.

Filimu yotsatira anachitanso chimodzimodzi. Ina, wampira ndi wamagalasi akukangana pamsika, kumbuyo kwawo kunkaoneka wovutitsa uja atawerama pa wogulitsa nsapato, akuyeza kansapato kakang'ono pachikhatho chake. Ina, pogwera m'matope, anakweza dzanja m'mwamba kuti buledi asanyowe.

Mafilimu angapo anatuluka popanda woona chilichonse. Chimphona ankangogwa, kusamba, n'kukadikira mchemwali wake kuseri kwa golosale, patali ndi geti.

Kenako wina anaona. M'minibasi ndi m'malo ometera anthu anayamba kukangana: buledi amapita naye kwa ndani? Ena ankati kwa chibwenzi. Ena ankati ali ndi galu. Ana a kusukulu anamufunsa mchemwali wake, iye anangoyang'ana nsapato zake.

Wotsogolera filimu anamuitanitsa.

"Wandisokonezera ntchito, Chimphona. Palibenso akufunsa ngati wamagalasi agwirizana ndi wampira. Aliyense buledi, buledi. Tandiuza, ndi wa ndani?"

"Mundipatse nyumba mufilimumo, bwana, ndikuonetsani."

Anamupatsa chipinda chimodzi, mphasa, ndi kamtsikana koti iye azikaluka tsitsi m'mawa. M'matope anagwerabe, chifukwa malamulo a mafilimu amenewa safa msanga. Koma tsiku loyamba kuionetsa, atagwa, muholomo palibe anawomba m'manja. Mayi wina anakuwa kuti, "Mudzutseni, mwana akudikira!"

Mchemwali wake anali atabwera ndi anzake, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Potuluka anamupeza Chimphona panja, atazunguliridwa ndi ana. Anaima patsogolo pake, maso ali ofiira.

"Mwanama mufilimumo, achimwene."

"Ndanama pati?"

"Mwana uja mumamuluka bwino. Ine mumandiluka ngati mukumanga nkhuni."

"Uja sagwedezagwedeza mutu ngati iwe."

Mtsikanayo anaseka misozi ikutsika. Anagwira dzanja lalikululo, natembenukira anzake.

"Awa ndi achimwene anga. Wofuna kuwapatsa moni ayambe wapempha kwa ine."

Lero Chimphona amasankha yekha mbali yoti asewere, ndipo achinyamata ena amabwera kudzaphunzira kwa iye.

Mwina nanunso anthu anakupatsani kale dzina: wolephera, wovuta, wopanda pake. Mwina mulibe mphamvu zotsutsana nawo. Pakona pomwe anakuimikanipo, chitani kanthu kakang'ono kosonyeza chimene muli, mawa muchitenso. Adzachedwa kuona, koma adzaona. Musataye mtima, ngakhale kamera ili pa wina.