Mlamba wa M'thanki la Abwana

Chaka chimene ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kwa amanijala a esiteti, ndinkasamaliranso nsomba zosadyedwa. Zinali m'thanki lagalasi pabalaza, mbuna zisanu ndi ziwiri zochokera kunyanja, zachikasu ndi zabuluu, zandewu ngati akazi apamitala. Pansi pankakhala kansomba kena kandevu, kotalika ngati chala, kamene kankatola zotsalira.

Abwanawo ankati madzi athu a ku Thyolo ndi opepuka, mbuna zimafuna madzi a laimu, ndiye ankathiramo miyala yoyera yophwanyaphwanya. Ine zinkandinyansa. Munthu wamkulu, wa ana anayi, kumatsukira nsomba miyala.

Popita kutchuthi anandiuza maso ali gwa: "Ikafa imodzi, ntchito yanu yathera pomwepo."

Tsiku lachitatu kandevu kaja ndinakapeza katayang'anitsa mimba kumwamba. Ndinathamangira kwa alamu anga, amene ankalondera damu la esiteti.

"Alamu, musalire," anatero. "Wandevu ndi wandevu basi. Abwana adziwa bwanji?"

Anandivuulira mwana wa mlamba, wamkulupo pang'ono, ndipo tinagwirizana kuti ndidzanena kuti kanakula chifukwa chodya bwino. Ndinamuponya m'thanki mtima uli m'malo.

M'mawa mwake mbuna zinali zisanu ndi imodzi. Ndinayesa kuti ina yabisala m'miyala. Mkuja zinali zinayi. Mlamba uja anali phee pakona, ndevu zikugwedera, ngati mlendo waulemu amene akudikira madzi osamba m'manja. Ndinaganiza zomuchotsa, koma nanga wandevu wina ndikanamutenga kuti? Ndinayamba kumupatsa nyenyeswa za buledi kuti akhute. Ankadya buledi, kenako n'kutsitsira mbuna.

Abwana atabwera anaima pathanki nthawi yaitali, chikwama chili m'manja.

"Nsomba zanga zili kuti?"

Bodza lonse limene ndinakonza linandithawa. Ndinangoloza mimba ya mlamba.

Sanakalipe. Anandipatsa ndowa, n'kunena kuti nditenge mnzangayo tizipita.

Ndinayenda wapansi mpaka kwathu kwa Changata, madzi akundithapukira m'miyendo. Mayi a kunyumba anamva nkhani yonse, n'kutenga mpeni. Madzulo ana anadya mpaka kunyambita zala, wamng'ono n'kundifunsa ngati mawa ndibweretsanso wina kuchokera kuntchito.

Ndinamuyankha kuti tiona.