Mkaka Wopanda Mwana

Chizindikiro choyamba chinali dontho pabulauzi. Munali mu Febuluwale, tikusoka fodya m'chigafa pa esiteti ina kufupi ndi Ludzi. Mayi wina anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndifunde chitenje. Mawere anga ankatuluka mkaka, chonsecho chikwatiwire ndinali ndisanaonepo mwana. Kusamba kunali kutasiya, mutu nawo unkawawa pafupipafupi.

Ndinkayesa ndaima. Miyezi inadutsa, mimba osaoneka. Kumjigo anayamba kunena kuti ndinachotsa pathupi. Apongozi anga ku Dedza anatumiza mawu oti mwana wawo aganize bwino. Ndinachita mantha, ndinaona banja langa likutha. Amuna anga, a Phiri, ankangotenga mabulauzi aja n'kukachapa okha kuseri kwa nyumba, kuti ndisapite nawo pagulu.

Mu Juni, fodya atagulitsidwa, tinapita kuchipatala chapafupi. Anayeza mkodzo, mimba panalibe. Anatitumiza ku boma, a ku boma anatitumiza ku Lilongwe. Kumeneko tinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, ananditenga magazi, zotsatira tinakamva mwezi wotsatira. Adokotala anati kachiwalo kena pansi pa ubongo kankalamula thupi kupanga mkaka ngati ndikuyamwitsa, n'chifukwa chake sindinkaima.

Anandipatsa timapiritsi toyera, dzina lake lopinda lilime. "Amenewa gwero lake ndi chuku chomera pangala za mbewu zonga tirigu," anatero. "Ali pachibale ndi mankhwala ozunguza bongo aja oonetsa zinthu zoti palibe. Muzimwa mutadya. Mukayamba kuona zachilendo, mubwere msanga."

Masabata oyamba anali owawa: nseru, mphuno kutseka, chizungulire ndikangoimirira. Zachilendo sindinaone, kupatula a Phiri atasenza ndowa pamutu, madzi akutayikira m'khosi. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo tsikulo ndinawakonda kuposa kale.

Mkaka unauma, kusamba kunabwerera. Chaka chotsatira ndinaimadi, adokotala n'kundisiyitsa mapiritsi aja.

Lero ndili bwino, mutu unaleka, koma ndimapitabe kukayezetsa magazi. Amayi anzanga, mukaona mkaka popanda mimba kapena kusamba kukasowa, musabise m'chitenje monga ndinachitira ine. Pitani kuchipatala msanga, matendawa amachizika.

Bulauzi yanga yanyowanso m'mawa uno. Ndapita nayo kumjigo momwemo, mwini mkakawo ali kumsana.