Phazi langa silinadikire mzere

Bala langa linali laling'ono moti ndinachita manyazi kulionetsa kwa anthu. Munali mu Julaye, nyengo yodulira tiyi, pamene mpeni unaterereka pa nthambi yonyowa n'kundicheka pamwamba pa phazi lamanzere. Ndinamanga kansanza n'kumaliza mzere wanga. Waganyu ukajomba, mawa umapeza pamalo pako pali wina.

Ndinachita zomwe odulira tonse timachita. Ndinagula makapisozi kwa ogulitsa a pa Muloza, n'kumatsegula limodzilimodzi, ufa wake n'kuwaza pabala. Pamwamba panauma bwinobwino, ine n'kumadzitama kuti udokotala ndi womwewu. Kumeneko pansi pakuwola. Pofika mu Ogasiti phazi linatupa, nsapato inakana, thupi linkatentha, ndipo mkazi wanga anayamba kumva fungo.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu tinapeza namwino mmodzi yekha, mzere utafika pamtengo wa mango. Wolembera anali yemweyo, wobaya jakisoni yemweyo, wothandiza amayi oyembekezera yemweyonso. Atamasula nsanza ija anangopukusa mutu. Anati bala likufunika kukapalidwa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, koma ambulansi inalibe mafuta. Ine ndi mtima wanga wapachala ndinamukalipira. Iye anandiyankha mofatsa.

"Bambo, boma linalamula kuti ndalama zoyendetsera ntchito zisakwere," anatero. "Anzanga anapuma ntchito, sanatibweretsere ena. Mafuta amatha mwezi usanafike pakati. Chikukwera pano ndi odwala okha."

Ndinapita pa kabaza, phazi likulendewera. Kuchipatala chachikulu anapeza kuti ndilinso ndi matenda a shuga, omwe sindinkawadziwa. Mabedi anali odzaza, ndiye ndinayamba ndagona pansi. Chakudya chinkabwera kamodzi pa tsiku. Mkazi wanga anasiya munda n'kumandiphikira kumsasa wa odikirira odwala.

M'mawa uliwonse ankandiuza kuti ndisadye, mwina ndilowa kochitira opaleshoni. Dzuwa likapendeka ndinkamva kuti wogonetsa odwala pa opaleshoni alipo mmodzi, ndipo wayamba ndi amayi ovutika pobereka komanso anthu a ngozi. Ndikanatsutsa bwanji? Ndinkangoyang'ana phazi likuda, kudako kukukwera, kuchoka ku zala mpaka m'kakolo. Mantha ndinali nawo, koma mkwiyo ndiwo unkandidya kwambiri.

Tsiku langa litakwana, dokotala sanazungulire.

"Mukanabwera mutangovulala, tikanangotsuka. Mukanalowa tsiku lomwe munafika kuno, mwina tikanachotsa zala zokha. Lero tidula pansi pa bondo."

Ndinalira pamaso pa mkazi wanga, bambo wa imvi kumutu.

Pano chilonda chinapola. Ndimayenda ndi ndodo, ndipo ndimakhala pakhonde kuluka madengu amene anzanga amathyoleramo tiyi. Kumunda kwa tiyi sindidzabwereranso, chifukwa wa mwendo umodzi sangaime pamtsetse paja. Mankhwala a shuga ndimalandira mwezi umene apezeka. Ndikamva pa wailesi akuluakulu akuyamikirana kuti asunga chuma cha dziko, ndimatseka. Kaya anachita bwino, iwo ndi amene akudziwa. Ine chimene ndikudziwa ndi nsapato yamanzere yomwe ili pansi pa bedi.

Anzanga odulira, makapisozi aja asiyeni. Mukavulala pitani kuchipatala tsiku lomwelo, bala lisanafune ambulansi kapena mpeni wa dokotala. Zotsukira bala namwino uja akadali nazo. Zinazo zili ndi mzere wautali, ndipo phazi likayamba kuda silidikira.